Chingwe cha Malemu Armindo

Zulmira ankakonola chimanga pamene mlamu wake Tchico analowa pabwalo osaodira n'komwe.

"Alamu, ndibwerekeni chingwe cha achimwene. Mawondo a amayi atupanso."

Kupanda manyazi kwake! Chingwe chimenecho ndi chomwe Armindo, mwamuna wa Zulmira, anatsikira nacho kuphompho tsiku limene chikhomo chinazuka iye n'kukagwera pamiyala. Ankafuna gongon, mbalame ya kunyanja yoikira dzira limodzi m'mauna a m'mapiri a pachilumba cha Fogo, kuti mafuta ake awatikitire amayi ake nyamakazi. Kale mauna anali mbwee. Tsopano kumtunda kwa munda wa Zulmira kunatsala una umodzi, ndipo m'mudzi monse chingwe chofika kumeneko chinali chomwecho basi.

"Mawondo amenewo adya kale mwana mmodzi," anatero Zulmira osasiya kukonola. "Sanakhutebe?"

"Mukutukwana apongozi anu?"

"Ndangofunsa."

Tchico anaseka monyodola. "Kapena mukuopa dzina? Gongon, dzina la chidzukwa choopsezera ana! Makolo anangomva kulira kwake m'maphompho n'kuitcha choncho. Ndi mbalame wamba, alamu, mafuta okhaokha."

"Makolowo mitu yawo inkagwira ntchito. Anaipatsa dzina loopsa kuti zitsiru zisamakwereko. Inu mwaikazinga mpaka yatha psiti, koma amayi anu akadatsimphinabe."

"Chingwecho ndi cha kwathu. Inu munangobwera kudzakwatiwa."

Zulmira anaika munsi pansi. Analowa m'nyumba n'kutuluka nacho chingwe chili chopindapinda, fumbi la tsiku lija likadali momwemo. Tchico anatambasula dzanja akumwetulira.

Mayiyo anamudutsa ngati chitsa. Anagoneka chingwecho pachipika chowazira nkhuni, n'kutola chikwanje. Kha! Kha! Kha!

"Mwapenga kodi?"

"Ichi n'cha mbuzi yanga. Ichi n'cha bulu. Ichi," anamuponyera kachidutswa kumapazi, "ukamangire mbuzi ya amayi ako, poti n'cha kwanu."

"Ndikawauza!"

"Kawauze! Uwauzenso kuti ine maliro ena a kuphompho sindiphikira khofi. Mawondo apite nawo kuchipatala ngati anzawo."

Tchico anayang'ana kuphiri kumene kunali una uja, n'kuyang'ana kachingwe kaja. Sikakanafika ngakhale padenga la khola. Anakatola, n'kutuluka akung'ung'udza.

Zulmira analavula malovu pamene anaima mlamu wakeyo, n'kubwerera pamtondo.