Khanda la Katumbu mu Mkanjo wa Malume

Tekber atayang'ana pamchenga paja ndi makina ake oonera patali, anapeza pali mbee. Anapukuta galasi ndi nsonga ya nsalu yake n'kuyang'ananso. Khanda la katumbu wa m'nyanja limene analisiya likugona pamenepo m'mawa linali litasowa.

Tekber anali katswiri wofufuza zamoyo za m'nyanja, ndipo utsikana wake wonse anauthera pamatanthwe a Ras Nouadhibou, kumene chipululu chimakumana ndi nyanja yamchere. Anzake akukwatiwa, iye ali lende pachingwe, kusuzumira m'mapanga. Akatumbuwa anatsala ochepa, ndipo poopa anthu amene ankawapha kale, ankaberekera m'mapanga a m'munsi mwa matanthwe. Phanga limabisa ndithu, koma nyanja ikakwiya mafunde amalowa mpaka mkati n'kumenyetsa makanda kumiyala. Chaka ndi chaka Tekber ankatola mitembo. N'chifukwa chake iye ndi anzake anapempha asodzi ndi otola nkhono kuti asamapondenso pa kagombe kena, poyembekezera kuti tsiku lina mayi mmodzi adzalimba mtima n'kuberekera poyera. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yapitayo zinachitikadi: katumbu wina wa chipsera pamsana anabereka pamchenga pomwepo, kutali ndi mafunde. Akanangolera mwana wake mwamtendere, akatumbu anzake akanamutsatira.

Ali chiimire choncho, Yeslem, mnzake wa pantchito, anatulukira akuthamanga, wefuwefu.

"Achemwali, tabwerani kuhema. Musafunse, tangobwerani."

"Khanda lasowa, Yeslem! Ndi nkhandwe kodi?"

"Bola ikanakhala nkhandwe."

Atalowa muhema, Tekber anangoti kukamwa yasa. Malume ake, a Mahfoudh, anali atakhala pamphasa mopinda miyendo, tiyi akuwira pamakala pambali pawo. Pamiyendo pawo panali khanda lija, lakuda bii, atalifunditsa mkanjo wawo wabuluu. Ankaviika nsonga ya nduwira m'mbale ya mkaka wa ngamila n'kumalifinyira kukamwa.

A Mahfoudh anali woweta ngamila wa kuchipululu. Anabwera kutauni kudzaonetsa diso kuchipatala, n'kuganiza zochezako masiku angapo kwa mwana wa mlongo wawo. Nyanja sankaiwerengera n'komwe. Ankati madzi ochuluka choncho koma osamweka ndi chipongwe chabe. Tekber anali atawauza mwaulemu kuti kugombe lija anthu sapitako, koma malume amalamulidwa ndi ndani? Iwo anazitenga ngati zokamba za ana.

"Wabwera bwino," anatero a Mahfoudh osadzutsa n'komwe mutu. "Taona zimene anthu ophunzira inu mumachita. Mwana wamasiye akulira padzuwa, inu muli pamwamba kumuonerera m'magalasi. Si manyazi amenewo?"

"Malume..." anatero Tekber. "Malume, mwachita chiyani?"

"Ndachita zimene munthu amachita. Kwathu ukapeza mwana wa ngamila ali yekha, sufunsa mwini wake. Umamunyamula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kungoti uyu ndi wamwano, mkaka wabwinobwino akulavula."

"Si wamasiye! Mayi ake anangopita kukadya, abwera!"

Tekber anadzidzimuka ndi mawu ake omwe. Chibadwire anali asanakwezepo mawu pamaso pa munthu ameneyu, amene anagulitsa ngamila zake kuti iye apite kusukulu. Yeslem anayang'ana pansi. A Mahfoudh anaimika dzanja m'malere, mkaka ukudontha pamphasa.

"Mayi wanji wosiya khanda pamtetete?"

Tekber asanayankhe, kugombe kunamveka kubuula kwakukulu, kosasa mawu. Khanda linadzidzimuka n'kuyankha, likuphiriphitha mu mkanjo. A Mahfoudh nkhope inasintha. Kulira kumeneko ankakudziwa bwino, chifukwa ngamila yotaya mwana imalira chimodzimodzi.

"Mulungu andikhululukire," ananong'ona. "Ndaba mwana wa eni ake."

Yeslem anafuna kulinyamula, koma iwo anamukankha dzanja. "Choka apo. Ndinamutenga ndine, ndikamubwezanso ndine."

Anatsetsereka ndi kanjira ka m'matanthwe, nkhalamba patsogolo ndi mtolo wake, enawo pambuyo. Mphepo inali itayamba kulimba ndipo nyanja inali itasanduka yotuwa. Tekber ankapemphera chamumtima, osadziwa chopempha. Mayi uja anali pamchenga, akukwawa uku ndi uku, kununkhiza pamene panagona mwana wake. Ataona anthu atatu akubwera, anadzutsa mutu, n'kuthawira m'madzi.

"Muikeni pomwepo, malume. Tiyeni tibisale msanga."

Anabisala kuseri kwa mwala. Khanda linkalira, mayi akuzungulira m'madzi, mutu wokha uli kunja. Patapita nthawi anatuluka pang'onopang'ono. Analinunkhiza kumutu, kumsana, kumimba. Kenako mayi uja anagunditsa mphuno yake pamphuno ya khanda, ndipo khanda linatonthola.

"Wamulandira!" anatero a Mahfoudh, akumenya Yeslem paphewa. "Mwaona? Mumangochita mantha ndi zopanda pake."

Tekber naye mtima unayamba kutsika. Ankayembekezera kuti mayi agona chammbali kuti ayamwitse. Koma katumbu uja anayang'ana kumwala kumene anthuwo anabisala, anayang'ananso mapazi a anthu amene anali mbwee pamchenga, n'kuyamba kukankha mwana wake ndi mphuno. Ankamukankhira kumadzi.

"Ayi," anatero Tekber. "Ayi, ayi, chonde."

Funde linafika n'kunyamula onse awiri. Mitu iwiri inaoneka ikuyandama, waukulu ndi waung'ono, ikulowera kumene matanthwe amatsikira m'nyanja. Kumeneko mafunde anali atayamba kale kuphulika pakamwa pa phanga, thovu likukwera m'mwamba. Tekber anangokhala pansi pamchenga wonyowa. Zaka zake zonse za ntchito zija zinkapita akuziona, koma chimene chinkamupweteka kwambiri chinali kamutu kakang'ono kaja.

"Tithokoze Mulungu, wapita kwawo," anatero a Mahfoudh. Atacheuka anadabwa. "Nanga iwe ukuliriranji?"

Anayankha ndi Yeslem, motsitsa mawu.

"Akupita naye kuphanga, bambo. Nyanja ikafika potere, kumeneko makanda amsinkhu uwu sapulumuka kawirikawiri. Pamchenga pano ndi pokhapo pamene akanakula. Ndipo mayiyu sadzaberekeranso pano."

A Mahfoudh anayang'ana phanga, anayang'ana manja awo amene ankanunkhabe mkaka. Kenako anawerama, anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pamwala, ndipo anayamba kuyenda molunjika kumadzi.

Tekber anawapeza madzi atawafika kale m'mawondo. Anawagwira m'chiuno ndi manja onse awiri, funde likuwakankha onse.

"Ndisiye, mwana iwe! Ndikamutenge!"

"Malume, inu simudziwa kusambira."