Mpira Sunafike kwa Lorna

Lamulo la Mayi Haskell linali limodzi: wolankhula ndi yekhayo amene wagwira mpira. Kanali kampira ka tenesi kothothoka ubweya, ndipo ukatha mawu ako unkaponyera amene wamufuna. Malikisi a teremu yonse ankachokera pa kulankhulako. Lorna Tibbetts anali asanakagwirepo chitsegulire sukulu, ndipo kukambirana kwa tsikuli kunali komaliza. Kupanda kutsegula pakamwa ndiye kuti walephera, malo ake ku koleji ya ku Portland apita kwa wina, iye n'kukalambira m'tauni momwemo.

Nkhani imene ankaphunzira inali yakalekale. Woliza belu la tchalitchi anakankhira mwana m'chitsime, anthu n'kumunyonga. Mwana wake wamkazi anatsala yekha m'nyumba ya m'mphepete mwa nkhalango. Palibe anamumenya, palibe anamutukwana. Anangosiya kumuyankha moni, mpaka mwiniwakeyo anayamba kukayika ngati akadali moyo.

Lorna ankaidziwa nkhaniyi mpaka m'mafupa. Bambo ake anali kundende. Anayendetsa galimoto yokokola chipale chofewa mumsewu ataledzera, n'kugunda n'kupha kamlongo ka Wendell Pike, mnyamata amene tsopano anakhala moyang'anizana naye pabwalo la mipando.

"Tiyambe," anatero Mayi Haskell. "Mzukwa m'nkhaniyi ndani?"

Mpira unapita kwa Corinne, mwana wa abusa, yemwe sankasowa chonena.

"Mzukwa ndi mtsikanayo, Madamu, koma sanafe ayi. Anamukwirira wamoyo ndi anthu a m'mudzimo. Ine ndinachita kulira powerenga."

"Iwe umalira ngakhale ndi anyezi wa m'chithunzi," ananong'ona Dale.

"Dale, mpira uli nawo?"

"Pepani, Madamu."

Corinne anamugenda nawo pachifuwa. Dale ananena kuti mlandu wa bambo si chofunda choti mwana n'kulandira. Wina anati anthu akale anali ouma mtima chifukwa choopa Mulungu mopitirira muyezo. Chifundo chinasefukira m'kalasimo, aliyense kumvera chisoni mtsikana wa papepala. Lorna anakweza dzanja. Mpira unadutsa pamwamba pa mutu wake, unabwerera, unadutsanso. Panja chipale chinkagwa mwakachetechete, ndipo phewa linayamba kumuwawa. Anachita manyazi, koma sanatsitse dzanjalo. Yankho lake linali lokonzeka: mtsikanayo sanathawe chifukwa ankadikira munthu mmodzi yekha woti amutchule dzina.

Potsiriza mpira unagwera Wendell. Anautembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Ine ndikuti mudziwo unalakwa," anatero motsitsa mawu. "Mtsikanayo analibe mlandu. Zimenezo aliyense akuziona."

Lorna anamuyang'ana m'maso, koyamba chichitikire maliro.

"Mwayankha bwino nonse, nkhaniyi mwaimvetsa," anatero Mayi Haskell, amene anaphunzitsapo kwaya malemu mlongo wa Wendell uja. "Nthawi ikadalipo pang'ono. Wendell, ponyera amene sanalankhule."

Wendell anayendetsa maso pabwalo lonse, mpando ndi mpando. Atafika pa dzanja la Lorna sanaime, sanafulumirenso.

"Tonse talankhula, Madamu."

Mayi Haskell anayang'ana pawindo. Kenaka anatambasula dzanja, Wendell n'kuwaponyera mpirawo.

"Chabwino," anatero. "Bwezerani mipando m'malo mwake."