Theka la Nyenyezi

Vuto la a Manejala silinali mowa kapena ulesi. Anali munthu wakhama, ndipo pamalo awo ometera tsitsi pankakhala paukhondo, galasi lopukutidwa bwino, mashini aliwonse pamsomali pake. Vuto lawo linali loti ankadziwa liwiro, msinkhu ndi phazi lamphamvu la anyamata ambirimbiri a m'gemu ya pafoni, koma anali asanaonepo mwana wawo wachisamba akumenya mpira.

Dzina la Manejala analitenga m'gemu momwemo. Gemu yake si ija yothamangitsa mpira ndi zala ayi. Umakhala bwana wa timu: umagula osewera, umagulitsa, umasankha oyamba. Mphamvu zonse za bwanayo zili mwa masikauti, anthu a m'gemumo amene umawatuma kukaonera osewera a matimu ena. Akabwerako amakupatsa nyenyezi. Zisanu ndiye kuti mnyamatayo ndi golide, imodzi ndiye kuti usataye naye nthawi.

Pa nkhani ya masikauti a Manejala anali m'busa, ndipo munthu sathawa ulaliki mutu atametedwa mbali imodzi.

“Inu mumagwa chifukwa mumatuma aliyense,” ankatero akuzungulira mpando. “Yambani mwamuyeza sikauti mwiniwakeyo. Diso lake n'lotani? Amadziwa kuona ana, kapena amangodziwa otchuka kale? Chinanso, lipoti loyamba ndi moni chabe. Mtumeninso kachiwiri, kachitatu. Amuone mnyamatayo timu ikupambana, amuonenso ikukwapulidwa. Nyenyezi zimasintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Ankanena zoona, ndipo timu yawo inkapambanadi. Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru zonsezi zinkathera pagalasi la foni.

Mwana wawo uja anali ku sekondale. Anali wofatsa, woyankhula motsitsa mawu, woti ukamudula pakamwa sabwerezanso. Tsiku lina akudya, anadikira kuti bambo ake ayike foni pansi. Ataona kuti sakuyika, anangoyamba.

“Bambo, Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno kukubwera anthu a sukulu ya mpira kudzasankha ana. Aphunzitsi anditchula. Koma akuti aliyense abwere ndi kholo, apo ayi salowa m'bwalo. Kwa msinkhu wanga ndi chaka chomaliza chino.”

“Loweruka?” anafunsa a Manejala osadzutsa mutu. “Tsiku la makasitomala limenelo. Ndingatseke ngati pali chotsekera. Ndiyambe ndamva lipoti lako.”

“Mawa tili ndi masewero. Mukhoza kubwera kudzaona.”

“Manejala sayenda yekha, amatuma sikauti. Umavala nambala yanji?”

“Eyiti.”

Sikauti amene anatumidwa anali a Wailesi. Awa anali bambo wadazi amene ankakhala tsiku lonse pabenchi la pamalo ometerapo, ngakhale analibe tsitsi loti n'kumeta. Ankadziwa nkhani iliyonse ya m'tauni, makamaka zimene sizinachitike. Mwana wa a Manejala ankangomuona patalipatali, moti akanakumana naye pamsewu akanamufunsa njira.

A Wailesi anafika kubwalo la sukulu masewero atatsala pang'ono kutha. Dzuwa linali likuswa mtengo, choncho anakakhala pakhonde la bala ya tsidya lina la msewu, botolo lili m'manja. Anasinzina diso limodzi mpaka anapeza jezi yolembedwa eyiti, n'kuiyang'ana kwa kanthawi.

Madzulo ake anapereka lipoti pamaso pa benchi lodzaza, mwanayo ali pomwepo akupukuta zipeso.

“Achimwene, ndikuuzeni mosabisa. Mwana wanu mpira amauopa. Ukamabwera amatseka maso. Kuthamanga kwake ngati wanyamula ndowa ya madzi. Kenaka anauponda n'kugwa chagada, anthu onse kuseka.”

“Koma bambo, ine ndinagoletsa...”

“Aliyense amagoletsa akamafotokoza yekha,” anamudula a Manejala. “A Wailesi, nyenyezi zingati?”

“Imodzi ndamukomera mtima. Theka.”

Benchi lonse linafa ndi phwete. A Manejala anaseka kuposa onse, chifukwa anachita manyazi ndipo anafuna kuti manyaziwo agwere wina. “Mwamva? Ndabereka Theka la Nyenyezi. Iwe Theka, bweretsa zipesozo.”

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lenileni linasowa pamalopo.

Kunyumba, amake mwanayo anayesa kulankhula. “Ngati simungathe kutseka, ndimuperekeza ine. Mwana wakhala akudzuka m'mamawa kukathamanga chaka chonse.”

“Kuti akatichititse manyazi pagulu? Pakhomo pano manejala ndi mmodzi. Loweruka limenelo akasesa tsitsi, aphunzire ntchito yomuyenera.”

Patapita masiku angapo kunabwera aphunzitsi a zamasewera, mayi wamtali wosakonda kuzungulira. Nawonso ankasewera gemu yomweyo, moti anayamba ndi kuyamikira.

“A Manejala, ndamva kuti timu yanu yakweranso. Chinsinsi n'chiyani?”

“Masikauti, aphunzitsi. Kusankha odziwa ntchito, ndiponso kusakhulupirira lipoti limodzi.”

“Ndi zomwe ndimaganiza. Ndiye ndifunse. A Wailesi awa akanakhala m'foni mwanumo, mukanawalemba ntchito?”

Munthu wina pabenchi anatsokomola pobisa kuseka. A Wailesi anakumbukira mwadzidzidzi kuti pali wina akuwadikira panja.

“Mwana wanu anagoletsa kawiri tsiku lija,” anapitiriza aphunzitsi. “Sindikudziwa chimene bambo aja anaona. Koma chimene chimandikhudza si zigoli. Mwanayu amaona bwalo lonse, amadziwa kumene mnzake athamangire asanathamange. Sindikulonjeza kuti akamusankha, ayi. Ndikungopempha kuti akamuone anthu odziwa. Mnyamata wa m'gemu, woti kulibe, mumamupatsa mwayi katatu. Wanu wobereka nokha mwamuweruza ndi lipoti limodzi, la munthu amene simunamuyeze n'komwe.”

“Wogulitsa sanyoza katundu wake,” anayankha a Manejala, nkhope itauma. “Ngakhale m'gemu, timu yogulitsa imati aliyense ndi golide.”

“Ndiye musandikhulupirire inenso. Lachitatu tili ndi masewero ena. Bwerani, mukhale sikauti nokha. Mukaona kuti ndi theka, sindidzabweranso.”

Akanakhala awiriwiri, mwina a Manejala akanavomera. Koma benchi linali litamva, ndipo m'busa sakonda kulalikiridwa pa guwa lake. Anayatsa mashini ometera kuti phokoso liwayankhire.

Lachitatu masana kunalibe makasitomala, ndipo bwalo la sukulu silinali kutali. Koma tsiku lomwelo msika wa osewera m'gemu unali kutseka, ndipo a Manejala ankadikira lipoti lachitatu la mnyamata wina wamanzere amene masikauti awo anamupeza kutali. Anadikira modekha, monga mwa chiphunzitso chawo. Lipoti linabwera ndi nyenyezi zinayi, anamugula, ndipo anauza aliyense wolowa pakhomo.

Loweruka la kusankha lija, mwanayo anafika pamalo ometera m'mawa n'kupatsidwa tsache. Msewu wopita kubwalo unkadutsa pawindo pomwepo. Anzake ankadutsa nsapato zampira zili m'khosi, wina ndi bambo ake, wina ndi azakhali, wina ndi agogo oyenda ndi ndodo. Mmodzi anamukwezera dzanja. Iye anayang'ana pansi.

“Theka, waphonya apa,” anatero a Manejala akuloza tsitsi ndi phazi. “Onani anthuni, ngakhale tsitsi losathawa akuliphonya. Nanga mpira?”

Makasitomala anaseka. Ena mwa iwo anali ana a sukulu yomweyo, ndipo pofika Lolemba dzina lija linali litalowa m'kalasi. Mwanayo sanalire. Anasesa mpaka madzulo, n'kutsamiritsa tsache pakona bwinobwino.

Sabata zinadutsa. Tsiku lina kunabwera kamnyamata konenepa, kolongolola, kudzametetsa. Kataona foni ya a Manejala patebulo, kanayamba nkhani za mpira.

“Inetu ndinaseweretsedwapo kamodzi ku timu ya sukulu,” kanatero kakuseka. “Tinali titapambana kale, ndiye aphunzitsi anati mwana wanu apume, ine ndilowe ndilaweko. Mukudziwa kuti majezi athu ndi okwanira olowa okha. Wina akatuluka amavula, iwe n'kuvala yomweyo. Eyiti yake inali yonyowa thukuta, yondithina pamimba. Mpira woyamba kundipeza ndinauponda, chagada! Mpaka bambo wina wadazi pabala paja anaimirira kuseka.”

Mashini anaima pakati pa mutu. A Manejala anayang'ana pagalasi, n'kuona a Wailesi kumbuyo kwawo akufufuza chinachake pansi pa benchi.

“A Wailesi, munafika nthawi yanji kubwalo kuja?”

“Achimwene, inu munati eyiti. Ine ndinaona eyiti.”

Panalibe woseka. A Manejala anafuna kukalipa, koma anadziwa kuti a Wailesi sanadzitume okha. Anayatsanso mashini n'kumalizitsa mutu wa kamnyamatako.

Lachitatu lotsatira a Manejala anatseka malo awo masana, chinthu chimene sanachitepo, n'kupita kubwalo. Foni anaisiya m'kabati. Anaima pafupi ndi mzere, maso ali pa jezi ya eyiti. Woivala sanali mwana wawo. Anadikira kuti mwina alowa chigawo chachiwiri, koma ngakhale pabenchi la timu sanalipo. Chimene anazindikira ndi nsapato. Wosewera wina wakumbuyo anali atavala nsapato zofiira zosokedwa ndi ulusi wakuda kuchala, zimene iwo ankazilumpha tsiku lililonse pakhomo la kunyumba.

Masewero atatha, aphunzitsi anabwera okha.

“Mwabwera, a Manejala.”

“Mwana wanga ali kuti?”

“Anasiya. Nsapato anapatsa mnzake. Ankati akangogwira mpira, ana kunja kwa bwalo ankakuwa kuti Theka. Ndinawaletsa, koma iye anandifunsa kuti, ‘Ndiwakanize bwanji, poti dzinalo anandipatsa ndi bambo anga?’”

“Anthu a sukulu ya mpira aja sangabwerenso?”

“Adzabwera chaka chamawa, koma iye adzakhala atapitirira msinkhu. Anafunsa za iye, chifukwa ndinali nditawauza kale. Ndinati kholo lake latanganidwa.” Aphunzitsi anatola mipira n'kuika m'thumba. “M'gemu mukalakwitsa mumayambiranso pomwe munasungira. Kuno kulibe batani limenelo. Pitani mukalankhule naye, ndipo musayambe ndi za mpira. Yambani ndi kupepesa.”

A Manejala anapeza mwana wawo kuseri kwa nyumba akuchapa yunifolomu. Anaima pambali pake. Anafuna kupepesa, koma munthu amene wazolowera kugawa nyenyezi savomera msanga kuti iye ndiye walephera. Anayamba ndi za mpira.

“Ndamva za jezi ija. Panali kusokonekera pang'ono. Mawa ndikugulira nsapato zatsopano, ubwerere ku timu. Ndidzabwera kudzakuonera ndekha.”

Mwanayo anafinya malaya, n'kuwakung'untha, n'kuwayanika pachingwe. Kenaka anatembenuka. Pankhope pake panalibe mkwiyo, ndipo anayankha mwaulemu monga mwa nthawi zonse.

“Musavutike, bambo. Mudzangotuma a Wailesi.”

Anatola beseni n'kulowa m'nyumba.

Phunziro: Amene mumamutuma kukaona m'malo mwanu, yambani mwamuyeza, ndipo musaweruze munthu ndi lipoti limodzi. Koma za mwana wanu musatume munthu. Pitani mukaone ndi maso anu nthawi ikadalipo, pakuti madzi akatayika saoleka.