Mpando wa a Zobiriwira

"Miyezi isanu ndi itatu mayeso anga sanafiirepo," anatero a Zobiriwira kuseri kwa kabati ya mafayilo. "Amene adzawafiiritse, osawakhudza mayesowo, adzatenge mpando wangawu. Abwana, mukhale mboni."

Abwana anavomera chammero, maso ali pafoni. Anamabatani, amene anali pafupi ndi ketulo, anamva zonse. Anangotakasa tiyi wawo nthawi yaitali kuposa mmene shuga amafunira.

Ofesiyo inkamanga mawebusayiti, ndipo ntchito yake inkayenda motere. Tsamba lisanaonekere kwa anthu, limayamba layendetsedwa pa seva yoyeserera, mukompyuta ya womanga momwemo. Pambali pake pamayenda mayeso: kapulogalamu kamene kamagogoda pakhomo la sevayo, kulowa, kudina batani lililonse ngati kasitomala wosowa chochita, kenako n'kupereka lipoti. Zikayenda bwino, sikirini imabiriwira. China chikathyoka, imafiira. Mayesowo ankayendera pa kompyuta ya a Zobiriwira pokha, chifukwa iwo ankati zinthu zoterezi sizifuna manja ambiri. Dzinalo analipeza pamenepo, ndipo ankaliyankha mosanyinyirika.

Anamabatani ndiwo ankakonza mabatani ndi mafomu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ntchito zinawaphunzitsa chinthu chimodzi: iwo amalakwitsa. Mwezi wathawo wokha anatumiza zolakwika zitatu zimene anazizindikira mochedwa, ndipo zonse zinadutsa mayeso ngati galimoto ya maliro pa rodibuloko.

Koma nkhani yeniyeni inali mpando. Unali wachikopa chakuda, wa matayala asanu, wokhala ndi potsamira mutu komanso kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira. A Zobiriwira sankayenda ndi miyendo mu ofesimo, ankapita kuprinta pampando. Anamabatani ankakhalira mpando wapulasitiki wa mwendo womanga ndi waya, ndipo msana wawo unali utayamba kulankhula. Adokotala anati asinthe mpando. Abwana anati tiona. Panali patatha chaka akuonabe.

Lolemba, Anamabatani anathyola dala batani logulira pa webusayiti ya sitolo ya nsapato imene ankamanga, n'kutumiza ntchitoyo.

"Zabiriwira, achemwali," anatero a Zobiriwira, akuzungulira kamodzi pampando. "Mukuphunzira."

Lachiwiri analichotseratu batanilo.

"Zabiriwira. Mwaona ubwino wokhala pafupi ndi akatswiri?"

Lachitatu anafufuta tsamba lonse, n'kusiyapo liwu limodzi pakati: PALIBE. Mayeso makumi asanu ndi limodzi analowa mu sitolo yopanda kanthuyo, anasankha nsapato, anaziika mudengu, analipira, n'kubwerako okhutira.

Madzulo ake Anamabatani anabwezeretsa ntchito yawo, n'kupangira a Zobiriwira tiyi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anakatula kapuyo pang'onopang'ono, maso ali pasikirini ya a Zobiriwira. Pamwamba penipeni pa zolemba za seva panali kamzere kakang'ono, kaulemu, konena kuti khomo la nambala 3000 lili kale ndi mwini, ndiye seva yasamukira pa 3001. Mayeso onse ankagogoda pa 3000. Ndipo pakona ya sikirini panali kazenera kakuda, kofinyidwa, pafupi ndi kapepala komata kolembedwa kuti OSATSEKA.

"Kazenerako n'kachiyani, achimwene?"

"Kameneko musakakhudze. Tsiku lomwe ndinakatsegula ndi lomwe zinthu zinayamba kuyenda."

"Kamagwira ntchito yanji?"

"Achemwali, galimoto ikamayenda simutsegula injini."

Kompyuta ya a Zobiriwira sinkazimitsidwa. Inali ndi batire yake yapadera pansi pa tebulo, ndipo mayi oyeretsa mu ofesi analetsedwa kufika ndi chokolopera pafupi ndi mawaya. Fumbi la pamenepo linali lokwanira kudzalamo tomato.

Lachisanu m'mawa kunabwera mwini sitolo ya nsapato kudzaona ntchito yake. Anali bambo wamfupi, wa nsapato zowala kwambiri moti abwana anabisa zawo pansi pa tebulo. Mayi oyeretsa anaima pakhomo ndi ndowa, poti anamva kuti pali zoonerera. A Zobiriwira analumikiza kompyuta yawo ku sikirini yaikulu ya pakhoma, anayendetsa mayeso, ndipo khoma lonse linabiriwira ngati munda wa fodya.

"Makumi asanu ndi limodzi, onse akhoza," anatero, manja atapinda pamimba.

"Zosangalatsa," anatero mwini sitoloyo. "Akhoza chiyani?"

Anamabatani anatsokomola mwaulemu. "Achimwene, bambowa angakonde kuona chimene mayesowo akuona. Tawatsegulireni khomo la 3000."

"N'chimodzimodzi."

"Ndiye palibe vuto."

A Zobiriwira analemba nambalayo ndi chala chimodzi, mwamatama. Pakhoma panatuluka sitolo. Pamwamba panalembedwa kuti DZINA LA SITOLO LIKHALE APA. Katundu anali atatu: Nsapato Yoyesera 1, Nsapato Yoyesera 2 ndi Nsapato Yoyesera 3. Pa zitatu zonsezo panali chithunzi chimodzimodzi cha mphaka atakhala m'katoni.

Mwini sitoloyo anavala magalasi.

"Mphakayo ndi saizi yanji?"

"Ndi chithunzi chogwirizira malo," anatero a Zobiriwira. "Cha poyamba pomwe. Sindikudziwa kuti chabwera bwanji."

"Sichinabwere," anatero Anamabatani. "Sichinachokepo. Seva ija munaiyatsa sabata yoyamba ya ntchitoyi ikadali moyo m'kazenera kanu, ikuwerenga foda yakale. Yatsopano ikafika imapeza khomo lili ndi mwini, n'kukakhala pa lotsatira. Mayeso amapita kwa yakaleyo tsiku lililonse."

Mayi oyeretsa anatula ndowa pansi. "Ndiye kuti nesi wakhala akuyeza mlonda wa pachipata, wodwala ali gone mkati?"

Abwana, kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, anaika foni m'thumba.

"Tsekani kazenerako," anatero.

A Zobiriwira anayang'ana kapepala ka OSATSEKA ngati munthu wotsanzikana ndi mbale pa depoti. Anatseka. Anazimitsa seva yatsopano n'kuiyatsanso, ndipo ulendo uno inalowa pakhomo la 3000 popanda woiletsa. Sitolo yeniyeni inaonekera, ya nsapato zenizeni. Kenako mayeso anayamba kugogoda.

Oyamba anayi anabiriwira, ndipo a Zobiriwira anayamba kukweza mpando wawo ndi kachitsulo kaja. Achisanu anafiira. Achisanu ndi chimodzi anafiiranso. Pomwe amatha, khumi ndi asanu ndi anayi anali ofiira, ndipo mpando unali utatsika mpaka pansi penipeni.

"Asanu mwa amenewo ndi anga," anatero Anamabatani. "Ndiwakonza pofika Lachiwiri."

"Nanga enawo?" anafunsa mwini sitoloyo.

"Enawo ali ndi mwini."

A Zobiriwira anayeretsa kukhosi. "Mwaukadaulo, abwana, mayeso anga sanalakwe. Chimene ankayeza chinalidi bwino."

"Mphakayo alidi bwino," anavomera mwini sitoloyo. "Wonenepa."

"Ndipo ndinanena kuti munthu asawakhudze."

"Ine ndakhudza tiyi wanu yekha," anatero Anamabatani. "Kazenera mwatseka nokha."

"Ine ndinalipo tsiku lija," anatero mayi oyeretsa. "Ndinkapukuta kabati. Munati atenge mpando."

Abwana anagwedeza mutu movomereza. Anali osakumbukira kanthu, koma anaona kuti nkhani ya msana ikutha yokha, iwo osapita kusitolo.

A Zobiriwira anaimirira. Anthu anadabwa kuona kuti ndi aafupi kuposa mmene ankaganizira. Anachotsa juzi yawo pa chotsamira, anatulutsa paketi ya mabisiketi m'mbali mwa khushoni, n'kuukankha mpandowo kudutsa ofesi yonse, matayala akulira. Mwini sitolo anasendera kuti udutse. Atafika pa tebulo la Anamabatani, a Zobiriwira anaima.

"Kachitsulo kameneka kamafuna munthu wokadziwa," anatero.

"Ndiphunzira. Ndili pafupi ndi akatswiri."

Anamabatani anakhala, anatsamira, ndipo msana wawo unasiya kulankhula. Kenako anakankha mpando wapulasitiki uja ndi phazi, mofatsa, mpaka unakaima pamaondo a mwini wake watsopano.

"Mwendo wakumanzerewo muzisamala nawo, achimwene. Sunayezedwepo."