Chidindo cha Tutzor

Bekzod anayala pepala pakati pa makapu a tiyi, nalikankhira kwa Muqaddas.

"Zonse zalembedwa kale, achemwali. Changotsala ndi chidindo chanu."

Muqaddas, wapampando wa komiti ya dera la Tutzor, anavala magalasi. Pepalalo linkati anthu a m'deralo akumana, ndipo onse avomera kuti nyumba zawo zigwetsedwe, padutse msewu waukulu, iwo asamukire kunyumba zosanja kunja kwa Tashkent. Koma msonkhanowo unali usanayambe n'komwe. Anthu anali akulowabe m'bwalo la ofesi, akudzikuta makhoti.

"Kuboma mwayamba kulosera tsopano?" anafunsa. "Iwe Bekzod, ndinakuphunzitsa kugwira pensulo. Sindinakuphunzitse kulemba yankho funso lisanabwere."

Mnyamata wa kubomayo anakonza tayi. "Anditumatu. Akulu akuti apampando ovuta amasinthidwa. Mwakhalapo zaka zisanu ndi zinayi."

"Wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Tiye panja."

Onse awiri anatulukira pabwalo. Dera lija linamangidwa ndi manja chivomerezi cha 1966 chitaphwasula mzinda. Mabanja anathandizana kuumba njerwa, kukumba ngalande ya madzi, kudzala mitengo ya mabulosi m'mbali mwa misewu. Muqaddas anabadwira m'nyumba yachitatu kumalizidwa, ndipo mwamuna wake anatsirizikira momwemo. Anali wotsimikiza kuti anthu akana.

Muqaddas atawerenga pepalalo mokweza, phokoso linabuka. Zulfiya wophika buledi anakuwa kuti ng'anjo yake sangakwere nayo pamwamba pa nyumba yosanja. Wina anatukwana Bekzod kuti wadya mchere wa deralo n'kulavulira m'mbale.

Kenako anaimirira a Ergash, nkhalamba yomwe inamanga nyumba yoyamba. Muqaddas anapumira m'mwamba. Akayankhula amenewa nkhani itha.

"Ine ndikufuna kusamuka," anatero a Ergash.



"Bambo, mwati chiyani?" anafunsa Muqaddas.

"Wamva, mwana wanga. Khoma lomwe ndinaumba ndekha lang'aluka, dzanja likulowa. Akazi anga sayenda. Chisanu chonse chino ndakhala ndikuwabereka kupita nawo kuchimbudzi kuseri kwa bwalo, ine wa zaka makumi asanu ndi atatu. Mbiri ya dera ndimaidziwa kuposa nonsenu, koma mbiri si moto woti n'kuotha."

"Walira mvula walira matope, bambo," anatero Zulfiya. "Kumeneko mukafa opanda wogogoda pakhomo."

"Nanga kuno wagogoda liti iwe?"

Zulfiya anayang'ana pansi.

Bekzod anayandikira Muqaddas, nanong'ona. "Mwaona? Dindani basi, musawayambanitse."

 Muqaddas anauza anthu kuti pabanja pakwezedwe dzanja limodzi. Anayamba ndi ovomera. Manja anakwera mwamanyazi, ena a anthu omwe amamwa nawo tiyi tsiku ndi tsiku, omwe sanamuuzepo kanthu. Anawerenga akuloza ndi chala. Makumi atatu ndi anayi. Okana, kuphatikizapo iye mwini, anali makumi atatu ndi mmodzi.

"Werenganinso, achemwali," anachonderera Zulfiya. "Ena akweza awiri."

Muqaddas anawerenganso. Sizinasinthe. Akanatha kunena kuti mabanja ena sanabwere, msonkhano uimitsidwe. Palibe akanamutsutsa. Anayang'ana a Ergash, omwe anali atagwira ndodo ndi manja onse awiri, maso ali patali.

Anatenga pepala lina, nalemba yekha: ovomera angati, okana angati, ndi pempho loti anthu a Tutzor apatsidwe nyumba pamalo amodzi, okalamba pansi. Anapumira mpweya pachidindo kuti inki inyowe, nadinda.

"Akufuna mawu akuti onse," anatero Bekzod. "Ili andibwezera."

"Akakubwezera ubwere nalo. Lako lija sindidinda."

Bekzod anaima kanthawi, kenako anapinda pepala latsopanolo naliika m'thumba la mkati.

Anthu anabalalika osatsanzikana. Zulfiya anamudutsa ngati sakumudziwa. Muqaddas anakhoma ofesi, nayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa ngalande. Pafupi ndi kwawo anapeza a Ergash atatsamira mtengo, akupuma movutikira.

"Wandikwiyira, mwana wanga?"

"Eya, bambo."

Anawagwira mkono, nawaperekeza mpaka pakhomo pawo.