Chitini cha Amake Taonga

"Nainte-fili pini? Ine?"

Magdalene anali adakali ndi thukuta pamphumi. Anayang'ana kapepala. Anayang'ana Dyton, mwini wake wa jimu, malo olimbitsirako thupi. Anayang'ananso kapepala.

"Ni vamene vatuluka, bamake Taonga," Dyton anayankha osadzutsa mutu. Anali kupala chitsulo cha geti ya munthu wa ku Kabulonga. "Mukalipila, reji yanu mutenga."

Jimuyo inali kuseri kwa shedi yowotcherera zitsulo, pakati pa Kalingalinga. Kampani ya boma imene Dyton ankagwirako itagulitsidwa, anthu anachotsedwa ntchito. Ena anagula minibasi. Ena anamwera zonse. Dyton anagula makina owotcherera, ndipo zitsulo zotsala sankataya. Magiya a malole anasanduka zonyamula. Simenti anathira m'zigubu za penti. Panali ndi njinga yopanda matayala, yowotchereredwa pansi. Pakhomo analemba ndi penti yofiira kuti azimayi ndi olandiridwa, ana timasunga.

Mawu omalizawo ndi amene anakoka Magdalene. Nesi wa ku kiliniki anali atamuopseza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, achepetse mchere, achepetse thupi. Koma Taonga, mwana wake wamkazi, anali asanakwane zaka ziwiri. Mwamuna anali pamsewu ndi thiraki, miyezi iwiri osaoneka. Choncho katatu pa sabata ankatseka msanga tebulo lake kumsika wa Mtendere, n'kukwera minibasi, mwana kumsana.

Malamulo anali osavuta. Pamwezi mapini khumi ndi asanu, ndiye kuti makwacha zikwi khumi ndi zisanu, olipiriratu. Ukafuna kuti Victor, amene kale anali wankhonya, aime pa iwe wekha n'kumakuphunzitsa, mapini atatu ulendo uliwonse, olipira mwezi ukatha. Victor sankagwirizana ndi cholembera. Munthu aliyense ankabweretsa chitini chake, Victor n'kulembapo dzina ndi msomali. Phunziro likatha, ankaponyamo chitsekerero chimodzi cha botolo. Mwezi ukatha Dyton ankakhuthula n'kuwerenga. Ndipo poti ena anali atamuthawapo, chitupa cha munthu, chimene ankati reji, ankachitsekera m'bokosi mpaka atalipira.

Chitupacho ndicho chinali nkhani. Basi ya ku Harare inali ya mawa lake, sikisi koloko m'mawa. Tikiti anali atagula kale. Ndalama zokagulira mabulangete ogulitsa zinali za chilimba, zosonkherana azimayi asanu ndi atatu a kumsika, ndipo mwezi uno zinagwera iye. Popanda reji, pamalire pa Chirundu samupatsa pepala lowolokera. Tikiti ipita. Mabulangete adzagula ena, chisanu chidzatha.

"Ba Dyton, niyanganeni bwino." Magdalene anadzimenya pantchafu. "Nainte-fili pini ni malesoni sate-wanu. Ine ninakachita sate-wanu, sembe nikwana mu siketi ya pachikwati. Onani. Chachoka apa n'chani?"

"Thupi imasiyana. Ena imachedwa kumvela."

"Yanu imvela chabe ndalama."

Dyton anaika pansi chopalira. "Victor! Bwelesa chitini cha bamake Taonga."

Victor anatuluka m'kachipinda ka ana atanyamula chitini cha mabisiketi, chofiira, chojambulidwa maluwa. Magdalene anachigula yekha ku Harare ulendo wathawo. Victor ankayenda manja ali kutali ndi nthiti, ngati wapanira mavwende m'khwapa. Anakhuthulira patebulo. Zitsekerero zinamwazika, china chinagudubuzikira pansi. Anawerenga mokweza, monga ankawerengera anthu podumpha. Zinakwana makumi atatu ndi chimodzi.

"Kanayi," anatero Magdalene. Anatambasula zala. "Tsiku loyamba. Tsiku inagwa mvula tinali babili chabe na ba Virginia. Tsiku munanipweteka msana. Na Chisanu chapita. Kanayi, ba Victor. Muzikumbuka imwe mweka."

Victor anakanda m'mutu. Nkhope yake inaonetsa kuti akuyesadi kukumbuka.

"Ine mutu unamenyewa maningi, mayo," anatero. "Ndiye chifukwa tinaika chitini. Mutu uiwala. Chitini sichinama."

"Nanga mumaponya nikakupatsani moni?"

"Awe."

"Nikakupemphani manzi?"

"Awe, mayo. Lesoni chabe."

Magdalene anamasula kansalu ka m'chiuno, natulutsa mapini khumi ndi awiri. Anawayala patebulo pambali pa zitsekerero. Dyton sanawakhudze. Anangowakankha ndi nsonga ya chopalira.

"Nikavomela imwe, mailo Kalingalinga yonse izabwela kukamba ati kanayi. Simenti nigula na chani?"

"Niyenda kupolisi."

"Yendani. Bazafuna reji kuti balembe nkhani yanu."

Victor anaseka, kenako anazindikira kuti waseka yekha. Anawola zitsekerero, nabwezera m'chitini, napita nacho kuchipinda kuja.

Magdalene sanakhale pansi. Anafika pageti. Anabwerera. Pamsewu kondakitala ankakuwa za ku tauni. Dzuwa linali litapendeka. Ndalama za chilimba zinali pomwepo m'chiuno, zikumutentha. Atachotsapo mapini makumi asanu ndi anayi kudza atatu, ndiye kuti mabulangete atatu apita basi asanakwere. Ndipo azimayi a chilimba samva za jimu. Ankamuseka kale kuti amalipira ndalama kuti atope, pomwe mtondo uli kunyumba waulere.

Anagwira mfundo ya kansalu. Anaisiya. Anaigwiranso.

"Nitenge mwana wanga poyamba," anatero. "Mungamuike nayeve mu bokosi."

Wosunga ana anali Ketty, mlamu wake wa Dyton. Magdalene anamupeza panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, atakhala pampando, mutu wa mayi wina uli pakati pa mawondo ake. Ankaluka tsitsi. Chipeso chinali pakamwa. Chitseko cha kachipinda ka ana chinali kumbuyo kwake, chomangidwa ndi waya.

"Ba Ketty, bana bali na ndani?"

Ketty anachotsa chipeso. "Bali bwino. Simumvela zii? Mwana akalila nimamvela."

Magdalene anamasula waya. Anatsegula pang'ono, naima.

Munali ana atatu pamkeka. Pakhoma panali mabowo anayi pomwe kale panali shelefu. Zitini zonse zinali pansi pakona, khumi ndi zingapo, zina zakugwa, zina zopanda zivundikiro. Taonga anali atakhala chotambalala, chitini chofiira chili pakati pa miyendo. Ankachidziwa bwino. Kunyumba ndi mmene ankasungiramo timiyala take amayi ake asanachitenge. Anakoka chitini cha mkaka cholembedwa kuti Virginia, napisamo kadzanja, natulutsa zitsekerero ziwiri. Anaziponya m'chofiira. Zinalira. Anaseka. Anapisanso.

Mtima wa Magdalene unadumpha ngati wa munthu amene watola ndalama pamsewu. Sanalowe. Anabwerera chambuyo mwakachetechete, nathamangira kushedi.

"Ba Dyton. Ba Victor. Bwelani muone kalaliki wanu. Osapanga chongo."

Anaima atatu pakhomo, mitu yokha m'kati. Taonga anali atamaliza cha Virginia, wayamba cha munthu wina. Kamnyamata kena kanayesa kutenga chofiira. Taonga anakakankha. "Yanga!"

"Welengani, ba Victor," Magdalene ananong'ona. "Sate-faifi. Sate-sikisi. Lelo nachita malesoni angati niimilile pano?"

Victor anagwira pakamwa. "Ndiye chifukwa ba Virginia mwezi watha banalipila kamodzi chabe. Na ine n'nadabwa. Mayo uja n'namuvutikila."

"Shelefu inayenda kuti?" anafunsa Magdalene.

Dyton anayang'ana mabowo a pakhoma. "Chitsulo cha engo-ayoni chinapelewela pa felemu ya munthu, n'natenga cha shelefu. N'nakamba ati nizabweza."

"Chitini sichinama, ayi?" Magdalene ankamva kukoma. Ankafuna aonenso kamodzi, kawiri, mpaka manyazi awakwane. "Lekani aponye futi. Muone bwino."

Koma Taonga sanaponye. Anali chete. Kadzanja kanali pakamwa. Maso anatuzuka, dovu likutsika pachibwano. Anayesa kutsokomola, mawu osatuluka.

Magdalene sanadziwe kuti walowa bwanji. Anaponda chitini, chinamucheka chala chakuphazi, sanamve. Ananyamula mwana. Anafuna kupisa chala kukamwa, koma Victor anamulanda mwanayo, namugoneka chafufumimba pamkono wake waukuluwo, mutu uli pansi. Anamumenya pakati pa mapewa ndi chikhatho. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu chitsekerero chinagwa pasimenti, chinazungulira, chinagona.

Taonga analira. Ana enawo anayambanso kulira. Magdalene anamukumbatira, nakhala pamkeka pomwepo. Anatsegula kakamwa n'kuyang'anamo. Panali kamagazi pang'ono palilime. Basi.

Ketty anafika akuthamanga, ulusi wa tsitsi udakali m'manja. Kumbuyo kwake kunali mayi uja, theka la mutu loluka, theka lili njoo.

"Chachitika n'chani?"

"Mwana akalila mumamvela," anatero Magdalene. Mawu ake anali otsika. "Nanga akakangiwa kulila?"

Ketty anayang'ana chitsekerero chonyowacho. Anayang'ana mlamu wake. Misozi inalengeza, koma pakamwa sipanafooke.

"Bafunseni ba mulamu banipatsa zingati pa kusunga bana. Bafunseni. Miyezi isanu, olo wanu pini. Ati udya pano. Sopo nizagula na chani ngati siniluka? Vitini n'nabauza kabili kuti vichoke pansi."

"Ketty, si nthawi yake," anatero Dyton.

"Nthawi yake ni liti? Pamalilo?"

Makina owotcherera ankangolira okha kushedi.

Magdalene anadzuka. Anatola chitsekerero chija, nachipukuta pachitenje. Anapita nacho patebulo la Dyton, mwana ali m'manja, nachiika pakati. Mapini ake khumi ndi awiri anali adakali pomwepo.

"Ichi nacho muwelengele, ba Dyton. Ni fili pini."

Dyton sanamuyang'ane. Anatulutsa kiyi m'thumba la ovolosi, natsegula bokosi lachitsulo. Munali zitupa zambiri zomangidwa ndi mphira. Anafufuza, napeza chake, nachipereka ndi manja awiri.

"Ndalama tengani, bamake Taonga. Mwezi ukubwela muzachita mahala, osalipila. Nizawochelela shelefu lelo lamene. Na loko."

"Kanayi n'nachita. Nilipila kanayi." Magdalene anatenga ndalamazo, koma sanapatse Dyton. Anaziika m'dzanja la Victor, nalipinda.

Chitupa anachilowetsa m'kansalu ka m'chiuno, pamodzi ndi za chilimba, namanga mfundo ziwiri. Analowanso m'kachipinda, Dyton akumutsatira. Anakhuthula chitini chofiira m'manja mwa Dyton, zitsekerero zina zikugwera pansi, nachipatsa Taonga chopanda kanthu. Ana awiri aja anawatulutsa yekha panja, nawakhazika pamthunzi pomwe amayi awo angawaone ali pa njinga yosayenda ija.

Mlandu wina sanauuze munthu. Anali ataona mwana wake ndi zitsekerero m'manja, n'kumusiya kuti akaitane mboni. Zimenezo zinamuwawa kuposa bilu ya Dyton.

Pageti anakumana ndi Virginia akulowa, thaulo paphewa.

"Mwakomboka kudala, bamake Taonga? Muyenda kunyumba?"

"Nakomboka. Imwe lowani. Ba Victor bali na nkhani na imwe."

Anabereka Taonga, namanga chitenje molimba. Mawa ankati amusiya kwa mayi woyandikana naye nyumba. Tsopano anadziwa kuti Harare apita awiri, mabulangete pamutu, mwana kumsana.

Minibasi inaima pafupi naye. Kondakitala anamenya chitseko. "Mtendere, mamee! Malo alipo!"

Magdalene anapukusa mutu. Anayamba kuyenda wapansi, mofulumira, chala chija chikuwawa m'nsapato. Kumbuyo Taonga ankamenya chitini pamsana pake. Victor anali ataima pageti, ndalama zidakali m'dzanja.

"Mwendo utali, mayo! Chifuwa pasogolo! Wanu, thu! Wanu, thu!"

Magdalene sanacheuke. Anangokweza dzanja.

"Osaniwelengela, ba Victor! Mungaponye mu chitini!"

Anakhota pa mashedi a opala matabwa, nalowa mumsewu wafumbi wopita ku Mtendere. Pofika pa mjigo thukuta linali litatsika kale mpaka m'chiuno.