Chibenthu cha Khoma la ku Namitambo

Grain Makwinja ankajambula chilichonse chimene munthu wamuuza, bola pakhale khoma kapena chitseko. Mitu yometedwa bwino pa masaluni a ku Clairwood, mumzinda wa Durban, inali yake. Nkhuku yonenepa yomwetulira pakhomo pogulitsira tchipisi, yosadziwa kuti ndiwo zake ndi iyo yomwe, inalinso yake. Koma ntchito ya tsiku ndi tsiku inali ku Mobeni, m'bwalo la mathiraki onyamula makontena kudoko, kumene ankalemba mayina ndi manambala pazitseko. Madalaivala ankamukonda chifukwa ukamunong'oneza ankakuikira kambalame kapena dzina la mkazi wako pakona pamene abwana sangaone msanga.

Maso ake sankapuma. Anzake akamadya masana, iye ankatha kungoima n'kumayang'ana dzimbiri pa kontena, mmene latsikira kuchokera pa bawuti n'kumwazikana ngati mizu ya udzu. Akakwera takisi kupita ku Springfield kukagula penti, ankalimbirana mpando wa pawindo kuti aone mtsinje wa Umgeni wadzuka ndi mtundu wanji. Madzi ake mvula ikangogwa ankawatcha tiyi wa pamaliro, uja amangomuonetsa mkaka patali. Ankakonda kunena kuti mtundu amachita kutola m'njira, wa m'chitini umangothandiza munthu kunama bwino.

Koma mmisiri yemweyu panali chithunzi chimodzi chimene chinamukanika, ndipo chinkamudya mumtima.

Amayi ake, anaNgondo, anamwalira mu Okutobala 2014 kwawo ku Namitambo. Grain sanapite. Pasipoti yake inatha mphamvu kalekale, ndipo akanatuluka pa boda ya Beitbridge sakanaloledwa kubwereranso. Maliro anawamvera pafoni ataima kuseri kwa thiraki, mlongo wake Emmie atakweza foniyo m'mwamba kuti amveko nyimbo za amvano. Zinamupweteka kwambiri, koma manyazi ndiwo anaposa. Chithunzi cha amayiwo chinalipo chimodzi chokha, cha pakhadi yovotera, ndipo pamenepo ankaoneka ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku ya eni. Grain anaganiza zosajambula nkhope. Anafuna kujambula khoma la nyumba yawo, chifukwa aliyense wa m'mudzimo ukamufunsa za anaNgondo ankayamba ndi khomalo.

Chaka chilichonse akatha kukolola, amayiwo ankazira nyumba. Pansi, kulekeza m'mawondo, ankapaka mtsiro wakuda wa kudambo. Pamwamba pake ankapaka katondo, kenako ankaviika chala m'dothi loyera la kumtsinje n'kumalemba zimene zabwera m'mutu mwawo. Grain ali mwana ankasenza nawo dothilo, anzake n'kumamuseka kuti mawa amuona atamanga chitenje. Amayi ake sanamuthamangitse. Anamupatsa khoma la kuseri, kumene alendo safika, kuti aziwonongako mwaufulu. Sukulu yake ya zojambula inali imeneyo basi.

Tsiku limene ananyamuka, mu Ogasiti 1998, nyumbayo inali itangoziridwa kumene. Atafika pamtengo wa mango anacheuka, ndipo pakati pa chitseko ndi windo anaona chinthu choyera chimene amayi ake anajambula dzulo lake. Anachisunga m'mutu zaka zonsezi osachitulutsa, poganiza kuti chilipo. Atachifuna tsopano, anapeza kuti chasungunuka. Kodi inali mbalame? Linali tsamba la chinangwa? Anayesa kasanu ndi kamodzi pathabwa lalikulu limene anatola pa zinyalala za kudoko. Penti ya m'sitolo inkanyezimira, khoma n'kutuluka ngati la chipatala chatsopano. Mantha ake anali akuti chinthucho chikatheratu m'mutu mwake, amayi ake akhala atafa kachiwiri, ndipo ulendo uno wowataya akhala iyeyo.

Ndiye anapita kwa Zaina. Mayiyu anali wa geni, wa ku Limbe, ndipo mwezi ndi mwezi ankabwera pabasi kudzapikula mabulangete ndi nsapato. Akabwera ankagona kwa msuweni wake m'kachipinda koyandikana ndi ka Grain, kuseri kwa nyumba ina ku Clairwood. Anamupeza akumanga katundu, ndipo anayankhula motsitsa mawu, monga anazolowera obwera onse kuyambira chipwirikiti chothamangitsa alendo cha 2008.

"Achemwali, ndikutumeniko. Mukafika mukakwere minibasi ya ku Namitambo. Mukandijambulire khoma la amayi pafoni, cha pakati pa chitseko ndi windo. Mukanditapirekonso dothi lake pang'ono."

Zaina anasiya chingwe n'kumuyang'ana. "Eish, a Grain! Anzanu amandituma usipa, ena nandolo, inu dothi? Pa boda ndikanene kuti chiyani? Aziti mayi uyu ndi sing'anga."

"Mukanene kuti ndi la mayi woyembekezera, akulilakalaka."

"Inuyo ndiye woyembekezerayo?" Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koma ataona kuti mwamunayo sakuseka nawo, anamangitsa mfundo ya chingwe chija. "Sharp. Ndikafika. Koma ya minibasi ndi yanu."

Anapita mu Febuluwale, n'kubwera pakati pa Malichi. Linali Lamlungu masana, kunja kukutentha chinyontho chija cha Durban chimene chimamatitsa malaya kumsana. Grain anali pabwalo, thabwa lake atalitsamiritsa kumpanda, akulipaka zoyera kuti ayambenso kachisanu ndi chiwiri. Zaina sanayambe ndi nthabwala. Anakhala pa kireti, anavula nsapato, anapempha madzi akumwa. Grain anadziwiratu kuti munthu wobwera ndi nkhani yabwino sachedwa chonchi.

"Nyumba ija kulibe, achimwene," anatero Zaina. "Inagwa ndi mvula ya Januwale ija. Sinagwe yokha, zagwa zambiri kumeneko. A Emmie anakubisirani dala. Akuti muli kale ndi chisoni, nanga akuwonjezereni china?"

Mvula ikakuona litsiro sikata. Grain anaika burashi pansi, pafumbi pomwepo, chinthu chimene sankachita n'kamodzi komwe.

"Ndiye palibe chimene mwajambula?"

"Ndijambule mulu wa dothi? Pamera kale maungu. Koma dikirani."

Anatulutsa m'chikwama kabokosi ka pulasitiki, n'kumasula kansalu kamene kanali m'katimo. Munali chibenthu cha khoma, kukula kwake ngati zikhatho ziwiri. Anati Emmie ndiye anachifukula, ndipo Emmieyo analumbira kuti chinachokera pakati pa chitseko ndi windo, pansi pa khonde pamene mvula sinkafika. Pamwamba pake panali potuwa ngati phulusa, ndipo panadutsa tinjira titatu ta zala, tokhota pang'ono kumapeto.

Grain anachitembenuza kuti aone m'mbali mobenthukamo. Munali mizeremizere yopyapyala, wina pamwamba pa unzake, wofiira, wakuda, wotuwa, wofiiranso. Chaka chilichonse amayi ake ankazira pamwamba pa chaka chinzake, ndipo pansi pa khonde palibe chimene chinachoka. Anayamba kuwerenga ndi nsonga ya pensulo. Apa m'pamene nzeru za ummisiri zinamupusitsa. Anaganiza kuti ngati zaka zonse zili momwemu, ndiye kuti 1998 ilimonso, yangophimbidwa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lezala ndi nyuzipepala yakale.

"Mukufuna kutani?" anafunsa Zaina.

"Ndikungochotsa zapamwambazi. Chimene ndikufuna chili pansi."

Anayala nyuzipepala pakireti ina n'kuyamba kupala. Dzanja lake linali lozolowera. Tinjira ta zala tija tinapita ndi mpalo woyamba. Pansi pake panatuluka katondo, iye n'kuti, "2013." Anapalanso, panatuluka pakuda pokhala ndi kadontho koyera. Anakayang'ana pang'ono, koma sikanali kake, ndiye anakapala. Kenako panabwera dothi lachikasu limene sanalionepo ku Namitambo chibadwire.

"Ili analitenga kuti?" anadzifunsa mokweza. "Kwathu kulibe dothi lotere."

"Mwina anapita kutali kukalifuna," anatero Zaina. "Lisiyeni kaye, tilione."

Koma lezala linali litadutsa kale. Munthu akafunitsa chinthu amagontha makutu, ndipo Grain anapitiriza, akuwerenga chammbuyo, fumbi likuunjikana panyuzipepala. Apusi awiri anadutsa pamwamba pa mpanda kulowera ku mapapaya a eni nyumba, iye osawaona n'komwe, munthu amene masiku ena akanasiya zonse kuti aone mmene mchira wapindikira. Atafika pa mzere wa khumi, Zaina analephera kupirira.

"A Grain, ine sukulu ya zojambula sindinapiteko. Koma zimene mukutaya panyuzipepalazo ndi zaka zimene mayi ankazira nyumba inu kulibe. A Emmie amandiuza kuti chaka chilichonse ankati, tizire bwino, mwina Khirisimasi ino abwera. Inu mukufuna chaka chimodzi chokha, chimene munaliko inuyo."

Grain anamva, ndipo mawuwo anamulowa. Koma anali atapala kale zambiri, ndipo kusiyira pamenepo kukanatanthauza kuti wawononga pachabe. Anauma mutu. Mizere inayamba kumusokoneza, chifukwa zaka zina amayiwo ankazira kawiri, zina mwina anadwala osazira. Pamene iye ankati ndi 1998 panatuluka katondo wamba, wopanda kadontho ngakhale kamodzi. Anati mwina walakwitsa kuwerenga, napalanso. Panatuluka pakuda. Anapalanso, ndipo lezala linakhukhuluza njerwa yosawotcha, dothi wamba lokhala ndi timiyala.

Anayang'ana kachidutswa ka njerwa kamene kanatsala m'manja mwake. Chinthu choyera chija mwina chinali chala chimodzi kumanzere kwa pamene panabenthukapo, mwina anachipala osachizindikira. Sakanadziwanso. Chimene anadziwa n'chakuti Zaina wanyamula zala za anaNgondo kudutsa malire atatu osaziswa, ndipo iye wazifufuta pa ola limodzi ndi lezala la masenti. Anadzida. Sanadziwe kuti apepese kwa ndani.

Nthawi yomweyo kamphepo ka kunyanja kanayamba, kaja kamabwera dzuwa likapendeka. Kona ya nyuzipepala inatukuka, ndipo fumbi la pamwamba linayamba kuuluka kulowera kumpanda.

"Mayo, likupita!" anakuwa Zaina, kuiwala zotsitsa mawu zija. Anatenga kapu yake ya madzi n'kukhuthulira pamuluwo.

Grain anagwada msangamsanga n'kukokolola matopewo ndi manja onse awiri nyuzipepala isanang'ambike. Analibe poika. Zitini zonse zinali ndi penti, beseni linali m'nyumba, ndipo matope ankadontha m'mipata ya zala. Chapafupi chinali thabwa loyera lija. Anawamata pamenepo, ndipo kuti asagwe anayamba kuwafalitsa ndi chikhatho, kuzungulira kumanja, kubwerera kumanzere, monga amachitira munthu wozira. Sanali ambiri. Anakwana malo ngati a nsengwa imodzi pakati pa thabwalo, otsalawo anayenderera m'mikono mwake mpaka m'zigongono.

Anabwerera m'mbuyo kuti aone, monga mwa chizolowezi chake. Kufiira kunalibe, kuda kunalibe, ngakhale chikasu chija sichinkaoneka. Zonse zinasakanikirana n'kukhala mtundu umodzi wodera, wosakongola, umene palibe kasitomala akanaulipira. M'zaka zonse zimene anasakaniza penti sanaupangepo, komabe ankaudziwa. Anakwinya nkhope, akufufuza kumene anauona, ndipo pofuna kupukuta thukuta anakweza dzanja, maso ake n'kugwera pamkono.

Unali mtundu wa mikono ya amayi ake. Tsiku lozira likamatha, ataviika manja m'miphika yonse itatu kuyambira m'mawa, mikono yawo inkakhala chonchi mpaka m'zigongono, dothi litayamba kuuma n'kung'ambika timing'alu pakhungu. Ankakhala pakhonde atatambasula miyendo, manja ali m'mwamba kuti asadetse chitenje, n'kumuuza kuti awakande pamsana. Zaka zonsezi iye ankavutika ndi khoma, osakumbukira n'kamodzi komwe manja amene ankalipaka. Misozi inatsika, ndipo sanathe kuipukuta chifukwa cha matopewo.

Zaina anamusiya kanthawi. Analowa kwa msuweni wake, anatenthetsa mpunga ndi nyemba, kenako anatuluka ndi mbale ziwiri, beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo. Anaika beseni pafupi ndi mapazi a Grain.

"Sambani m'manja, achimwene, tidye. Zizizira."

Grain anakhala pakireti, mikono ataitukula patsogolo pake kuti isakhudze kanthu. Dothi linali litayamba kumukoka khungu.

"Yambani inu, achemwali," anatero. "Ine ndidikira kaye liume."